Matabwa a Boti Lomira

Sendezani mipando kuno, nkhani iyi siyofuula. Amene ali ndi mafunso awasunge, chifukwa ambiri mwa mafunsowo mayankho ake kulibe.

Chinali chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma. Madzi anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, kenako anathawa ngati aitanidwa kwina, n'kusiya dothi lotuwa, long'ambikang'ambika, lathyathyathya kuchokera padoko la Kachulu mpaka kuchilumba cha Chisi. Maboti anagona chammbali m'fumbi. Anthu amene ankawoloka pa boti anayamba kuwoloka pa kabaza, ena wapansi, atanyamula madzi akumwa m'mabotolo pakati pa nyanja.

Filesi anali telala pamsika wa padokopo. Iye ndi amuna ake, a Namakhwa, kwawo kunali ku Mulanje, koma anasamukira kuno chifukwa a Namakhwa ankadziwa kukonza injini za maboti. Nyanja itauma, ntchito yawo inauma nayo. Filesi sanakhale pansi. M'mawa ankakazinga mandasi, masana kupalasa makina, madzulo kuthirira mpiru pafupi ndi chitsime. Amene anapeza nthawi ndi amuna ake, ndipo nthawiyo anapita nayo kuseri kwa nyumba, kumene kunali chinthu chofunda lona.

Kanali kagalimoto kakalekale, kopanda denga, kamipando iwiri, kafupi moti mbuzi inkatha kukalumpha. Anawapatsa ndi mzungu wina wokalamba wa ku esiteti ya tiyi pamene ankabwerera kwawo, kali kakufa kale: injini yadzimbiri, matayala akuphwa, pansi pobooka moti ukakhalamo unkaona nyerere zikudutsa. Kanabwera nawo pa lole kuchokera ku Mulanje, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yake inali yosunga mazira a nkhuku za Filesi.

Tsopano mwana wawo Lonjezo, amene amakhala ku Blantyre, anali atawaonetsa bambo ake kanema pa foni. Mu kanemamo anthu a kunja ankathamangitsa timagalimoto takale totere pa nyanja youma ya kwawoko, popanda msewu, popanda wopikisana naye, kungofuna kuona kuti kamuvi kosonyeza liwiro kafika pati. A Namakhwa anaonera mobwerezabwereza mpaka foni inazima. Kenako anatuluka, kuyang'ana ku Chilwa, n'kunena kuti Mulungu wawasalazira bwalo pakhomo penipeni. Filesi anawayankha kuti Mulunguyo akanawasiyira matemba zikanakhala bwino koposa. Koma sanawaletse. Anali ataona amuna ena opanda ntchito mmene kachasu ankawamalizira, ndipo anaona kuti sipanala ndi yabwinoko.

Ntchito inayamba. A Namakhwa anachotsa chilichonse cholemera: mabampa, nyale, zitsulo za kumbuyo. Galasi lakutsogolo analidula n'kutsala kachidutswa kongotchinga mphepo kumaso. Injini anaimasula yonse n'kuiyala pa chiguduli ngati nyama ya paukwati, kuitsuka ndi palafini, n'kuibwezera ndi zipangizo za minibasi yakufa ya ku Jali. Mipando anasoka ndi Filesi, ndi zidutswa za tenti. Amuna ake ankafuna mpando umodzi wokha kuti kagalimoto kapepuke, koma iye anakana. Anati wachiwiriwo ndi wake, nkhuku zake zinaugula kalekale.

Tsiku lililonse kunkabwera Che Likaka, mwini boti wopanda nyanja, atanyamula bawo kukhwapa. Ankakhala pa njerwa n'kumanyoza. Ankati sanaonepo munthu wodzikhomera yekha bokosi n'kuliika matayala, ndipo ankafunsa ngati a Namakhwa akufuna nyimbo za ku CCAP kapena za Chikatolika. A Namakhwa ankawabwezera kuti munthu wa boti lokhala pa mchenga asamaphunzitse anzake za maulendo. Ankaseka, n'kutaya bawo mpaka dzuwa kupendeka.

Chimene chinavuta ndi pansi pake. Timagalimoto timeneti pansi pake pankakhala matabwa, ndipo matabwa olimba padokopo kunalibe. M'mawa wina a Namakhwa analowa m'nyanja youmayo kukayeza njira yawo, kuchotsa miyala ndi zikhomo za maukonde, n'kumazika timitengo mu mzere. Anabwerako madzulo ali ndi wakabaza, njinga itasenza matabwa akuda, olemera, a mlombwa, okhala ndi zotsalira za penti yobiriwira. Anati anapeza boti kutali pakatikati, theka lili m'dothi, lopanda chingwe, lopanda chikhomo, lopanda mwini. Filesi atafunsa ngati anapempha kwa wina, anamuuza zimene amakaniko onse amanena, kuti chinthu chikafa chimasanduka sipeya.

Mawa lake Che Likaka anabwera monga mwa masiku onse. Anapeza matabwa atadulidwa kale, atabooledwa, ena atamangidwa ndi mabawuti. Anawerama, kupala pentiyo ndi chikhadabo, n'kukhala chiweramire nthawi yaitali. Sananyoze. Anati aiwala kanthu kunyumba, ananyamula bawo lawo, ndipo sanabwerenso.

Zoyamba zinali zazing'ono, zoti munthu wotanganidwa sangaziike kumtima. Nkhuku zinasiya kupita kuseri kwa nyumba. Zinkazungulira kutali ngati pali njoka. Kenako Filesi anaona kuti m'mawa uliwonse matabwa aja ankakhala achinyezi, chonsecho kunja kunali kotentha moti chovala chinkauma usanamalize kuyanika chinzake. A Namakhwa anati thabwa lokhalitsa m'matope limatuluka thukuta. Fungo nalonso linabwera, la matope a pansi pa nyanja, losakanikirana ndi la nsomba zaziwisi, fungo limene padokopo anali ataliiwala.

Chitenje cha Filesi chinasowa pachingwe. Anakalipira ana a oyandikana nawo mpaka mayi awo anakwiya. Anachipeza mawa lake m'kagalimoto, chitapindidwa bwinobwino n'kuyalidwa pa mpando wakumanzere, chonyowa, chili ndi dzenje pakati. Anachiyang'ana n'kukumbukira mmene amayi amachitira akakwera boti, kuyala chitenje pa thabwa lonyowa asanakhale. Anachichapa kawiri, koma sanachivalenso.

Ndiye panali phokoso lija. Linkayamba kukamachita chisisira, n'kubweranso mbandakucha iye akukanda ufa wa mandasi. Chitini kukwecha pa thabwa, kenako madzi kukhuthuka. Kukwecha, kukhuthuka. Aliyense wokhala padoko amalidziwa phokoso la munthu amene akukapa madzi m'boti. Filesi ankatuluka ndi nyali, n'kupeza lona ili m'malo mwake, pansi pali pouma, ndipo phokoso lasiya. Akangolowa m'nyumba linkayambiranso, mosafulumira, ngati munthu amene wakhala akukapa nthawi yaitali ndipo sakuyembekezera kumaliza.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, Filesi anali pamakina ake kumsika, akulimbana ndi diresi la mwini wake wovuta. Mthunzi unagwa pa nsalu. Mawu a mayi anafunsa mwaulemu kuti boti la ku Chisi linyamuka nthawi yanji. Filesi sanadzutse mutu. Anayankha kuti boti liyenda pa chiyani, pa fumbi? Akwere kabaza monga anzawo.

"Ayi mayi, ife tinakwera kale," anatero mawuwo. "Tikungofunsa kuti linyamuka liti."

Filesi anaimitsa phazi. Atadzutsa mutu anangoona msana wa mayi wosenza dengu, mwana ali kumbuyo, akukhota kuseri kwa mabenchi a nsomba opanda kanthu. Pamene mayiyo anaima panali ponyowa, ndipo dothi linamwa chinyezicho iye akuyang'ana.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuwaona. Kuseri kwa nyumba yawo kunkadutsa kanjira kopita kudoko, ndipo masana m'mbali mwa kanjirako munkaima anthu. Ankaima mmene anthu amaimira pa siteji, akatundu ali pansi, onse atayang'ana mbali imodzi, kumene kunali kagalimoto. Nkhope zawo sankaziona bwino. Nthawi zonse dzuwa linkakhala kumbuyo kwawo, ngakhale iye ataima mbali iti. Akawayang'anitsitsa ankachepa, akayang'ana kumbali ankachuluka. Anthu ena ankadutsa pakanjirapo osapereka moni, osapatuka.

Filesi si munthu wosunga chinthu mumtima. Anatseka makina, n'kupita kwa Che Likaka. Anawapeza pansi pa mtengo akusoka ukonde umene unalibe kokaponyedwa. Poyamba anazemba, n'kumafunsa za mtengo wa shuga. Filesi anawauza kuti sanabwere kudzacheza, ali ndi ntchito, anene zimene anaona pa matabwa aja.

Che Likaka anaika ukonde pansi. Anati chaka chimodzi Filesi ndi amuna ake asanasamukire kuno, boti lobiriwira linanyamuka padoko tsiku la msika, litadzaza anthu obwerera kwawo ku Chisi. Mphepo inauka pakati. Botilo silinafike, ndipo ngakhale mmodzi sanapezeke. Mlamu wa Che Likaka anali momwemo. Anati anthu a kunyanja kuno ali ndi mwambo wawo: nyanja ikauma n'kuonetsa boti lotere, silikhudzidwa, ngakhale nkhuni zitasowa chotani. Wodutsa amalambalala, savula msomali, satola chingwe.

"Anthu aja sanatsike, amake Lonje," anatero. "Boti likakhala pamene lili, nawonso amangokhala. Mukalisuntha amayesa ulendo wayambanso."

Filesi anafunsa ngati angabweze matabwawo. Che Likaka anapukusa mutu, n'kunena kuti thabwa lodulidwa ndi kubooledwa silibwerera kukakhala boti. Atawafunsa kuti nanga achite chiyani, anati sakudziwa, chifukwa chiyambire palibe anachitapo zopusa zotere. Anati akanawauza a Namakhwa tsiku lomwe lija, koma anaona kuti macheka adutsa kale, ndipo anachita mantha kukhala pafupi.

Madzulo Filesi anawafotokozera amuna ake zonse. Iwo anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Patapita kanthawi anavomera kuti kukapa kuja nawonso amakumva. Komabe anati kagalimoto katha, anthu auzidwa kale kuti mawa ndi tsiku lake, ndipo moyo wawo wonse akhala akukonza zinthu zoti ena ayendere. Anapempha ulendo umodzi wokha. Akabwerako amasula matabwawo, awatenthe kapena awakwirire, mmene Che Likaka anganenere. Filesi anali wotopa, ndipo ankafuna kuti nkhaniyi ithe. Anavomera.

Anakonza zonyamuka m'mawa kusanatenthe, koma injini inavuta, ndipo pamene inalira bwino dzuwa linali litakwera kale. Anakakankhira kagalimoto kudoko. Kunasonkhana akabaza, amayi a pamsika ndi asodzi osowa chochita, ena akubetcherana kuti matayala athothoka asanafike patali. Che Likaka anaima paokha kumbuyo, pafupi ndi boti lawo logona. Kutsogolo, kumene dothi limakumana ndi thambo, kunali kunyezimira madzi onama aja amene dzuwa limapanga, ndipo chilumba cha Chisi chinkaoneka ngati chikuyandama.

A Namakhwa anakhala pa chiwongolero, atamanga mpango kukamwa chifukwa cha fumbi. Filesi anaima pafupi. Ndiye anaona kagalimoto kakutsikira kumanzere, pang'onopang'ono, masipuling'i akulira, mmene kamachitira munthu akakwera. Mpando wake uja unalowa pakati. Amuna ake anatembenuka kuyang'ana kumanzereko, nthawi yaitali ndithu, kenako anayang'ana kutsogolo. Filesi anatsegula pakamwa, koma injini inamuposa.

Kagalimoto kanachoka ngati mwala wa palegeni. Anthu anakuwa, fumbi linaimirira kumbuyo kwake ngati mchira, phokoso linachepa mpaka kukhala ngati la njuchi. Pamapeto pa mzere wa timitengo a Namakhwa anali atazika nsungwi yokhala ndi nsalu yofiira, pamene ankayenera kukhotera. Fumbi linafika pa nsungwipo n'kupitirira. Linalowa m'madzi onyezimira aja, ndipo mmenemo linatha.

Anthu anadikira, kenako anayamba kumwazika mmodzimmodzi, osamuyang'ana Filesi kumaso. Iye anakhala padzuwa pomwepo. Dzuwa litapendeka, kagalimoto kanatulukira kakuyenda pang'onopang'ono, kali kowongoka. A Namakhwa anatsika ali bwinobwino, koma buluku lawo linali lonyowa mpaka m'mawondo. Wakabaza wina anafunsa kuti kamuvi kanafika pati. Anayankha kuti sanayang'ane.

Kunyumba anakana chakudya. Anakhala pakhonde n'kumuuza Filesi motsitsa mawu kuti amene anakwera anali bambo wachikulire, amene anagwira chitseko ndi manja awiri njira yonse osalankhula. Atafika ku Chisi, pansi pa mitengo pamene maboti ankakocheza, bamboyo anatsika, anawomba m'manja kuthokoza, n'kukwera mtunda. Filesi anati chabwino, zatha, atenge sipanala amasule matabwa monga analonjezera.

"Anali mmodzi yekha, amake Lonje," anatero a Namakhwa. "Kagalimotoka n'ka anthu awiri. Enawo aona kuti mnzawo wafika."

Filesi anayang'ana kukanjira kuja. Kunali kutayamba kuda, koma anthu aja anali pomwepo, ndipo anali atasendera pafupi.

Tisachedwe pa masiku otsatirawo, chifukwa ankafanana. Dzuwa likafika pamutu, madzi onama aja akayamba kunyezimira, kagalimoto kankatsikira kumanzere ndipo a Namakhwa ankanyamuka. Ulendo unali umodzi pa tsiku, chifukwa dzuwa likapendeka palibe ankakwera. Anthu anasiya kubwera kudzaonerera. Amayi ankaitana ana awo akamva injini. A Namakhwa anasinthanitsa zida zawo ndi petulo, lero jeke, mawa makina owotcherera, mpaka m'galaja lawo lokonzera injini munatsala misomali yokolekapo zinthu. Kamuvi kaja kanafika kumapeto kwake kalekale. Iwo anangozitchula tsiku lina modutsa, ngati akunena za nyengo.

Mzere wa kukanjira unkafupika, zimenezo Filesi ankaziona. Koma ankaonanso zina. Madzi amene amuna ake ankabwera nawo ankakwera. Anachoka m'mawondo kufika m'ntchafu, kenako m'chiuno. Zala zawo zinakwinyika ngati za munthu wochapa tsiku lonse. Anayamba kutsokomola, ndipo usiku ankafunda mabulangete awiri m'nyengo imene anthu ankagona panja chifukwa cha kutentha. Atawafunsa kuti madziwo amawapeza kuti, anati pakati paja pamakhala nyanja, ndipo tsiku lililonse imakhala yakuya kuposa dzulo. Ukathamanga kwambiri umadutsa isanakugwire bwino. Ndiye ankakhalira injini madzulo onse, kufunafuna liwiro lina pang'ono, pamene kale ankalifuna mongosangalala.

Filesi anayesa zonse zimene mkazi angayese. Anakalipa, analira, anaimbira foni Lonjezo, amene anati abwera mwezi ukatha. Anaitana akulu a mpingo, amene anapemphera ataima patali ndi lona, n'kuchoka osamwa tiyi. A Namakhwa sankatsutsa chilichonse. Ankangoti amene anadzutsa anthuwo ndi iwo, ndiye ayenera kuwafikitsa.

Kenako kumapiri a Zomba kunayamba kuda. Madzulo kunkang'anima, ndipo anthu ochokera kumtunda anati mitsinje yayamba kuyenda. Akabaza anasiya kuwoloka. Anati pakatikati dothi lafewa, pamwamba pouma koma pansi phala. Che Likaka anabwera koyamba chichokereni, osanyamula bawo, n'kuima kunja kwa mpanda. Anawauza a Namakhwa kuti achita zimene abale a anthuwo sanathe, Mulungu waona, tsopano aleke. A Namakhwa anathokoza, ndipo mawa lake anapitanso.

Tsiku limenelo anabwerako malaya onse ali chonyowa mpaka m'khosi, matope enieni ali m'matayala. Filesi anachita kuwatsitsa. Anawapukuta, kuwaveka zouma, kuwakhazika pafupi ndi mbaula. Atasiya kunjenjemera anamuuza kuti watsala mmodzi. Mayi wa dengu, wa mwana kumbuyo. Masiku onsewa wakhala akupatsa anzake mpata kuti atsogole.

Filesi sanafune wina womuwerengera. Mawondo, chiuno, chifuwa, khosi. Anawafunsa kuti pamwamba pa khosi pali chiyani. Iwo anati athamanga kuposa masiku onse, achotsa ngakhale zitseko.

"Mukanakhala inu mwaima pamenepo ndi Lonje kumbuyo, ndikanakusiyani?" anafunsa.

"Ine ndili moyo, bambo a Lonje," anatero Filesi. "Kusiyana kwake n'komweko."

A Namakhwa anagona, akupuma ngati munthu wa chifuwa. Mbandakucha Filesi anadzuka nthawi yake ya mandasi, koma sanakoleze moto. Anatenga sizasi yake yaikulu yodulira tenti, n'kupita kuseri. Kunja kunali fungo la mvula. Kukapa kuja kunkamveka, ndipo ulendo uno sikunasiye iye atafika. Kunangosiya atagwira lona.

Anayamba ndi chigubu cha petulo, chomaliza, n'kuchikhuthulira kudzala. Kenako anagwada pa tayala loyamba, kugwira vavu ndi sizasi, n'kufinya ndi manja awiri. Mpweya unatuluka ndi mluzu. Anakwawira pa lachiwiri. Ali pa lachitatu anadziwa kuti kumbuyo kwake kwaima munthu. Madzi ankadontha pa lona, dontho limodzilimodzi. Kamwana kanafwenthera, n'kuyamba kudandaula mmene ana amachitira akatopa kumbuyo, ndipo wina anakagwedeza kuti katonthole.

Filesi sanacheuke. Sizasi inaterereka kawiri.

"Pepani mayi," anatero, akuyang'ana tayala. "Ndikudziwa mwadikira. Koma awa ndi anga."

Anagwiranso sizasi. Anadula lachitatu, anadula lachinayi, n'kubwerera m'nyumba mutu uli pansi, akulambalala pamene panali ponyowa.

A Namakhwa atadzuka n'kuona, sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anamuyang'ana Filesi, kenako anayamba kumasula matayala ndi sipanala imodzi imene inatsala. Anazungulira padoko ponse kupempha machubu, kupempha petulo wa m'botolo, akutsokomola, anthu akuwakana mwaulemu. Dzuwa linafika pamutu iwo ali ndi tayala limodzi lokha lopopa. Anakhala pansi m'fumbi, atayang'ana kukanjira, n'kumalankhula motsitsa mawu ngati munthu wopepesa kasitomala. Masana omwewo mvula inagwa.

Inagwa ngati ikubweza ngongole ya zaka zonse. Mitsinje inatsika yofiira, ming'alu inatsekeka, ndipo pasanathe milungu yambiri madzi anafikanso padoko. Maboti anadzuka. Anthu anavina, matemba anabwerera pamabenchi, injini zakufa zinayamba kubwera kwa a Namakhwa mpaka kusowa poziika. Chifuwa chawo chinapola. Zala zinawongoka. Filesi anapeza chimene ankafuna: amuna ake anali moyo, akudya, akugwira ntchito.

Koma m'nyumbamo mawu anachepa. Ankalankhula za mchere, za sopo, za odwala a kumpingo, basi. A Namakhwa anayesa kumasula thabwa limodzi n'kukwera nalo boti la Che Likaka mpaka ku Chisi, kuti mwina mayiyo atsatira. Anabwerako n'kulimanganso pamalo pake. Anati mayiyo sanakwere. Anaona mmene anzake anapitira, ndipo akudikira chomwecho.

Sakudikiranso kukanjira. Anasamukira pakhonde, kumanzere kwa chitseko, pamene Filesi ankaika mtondo. Pamenepo sipauma, ngakhale mwezi wa Okutobala. Alendo amakhala mbali inayo osadziwa chifukwa chake. Filesi akamasoka kunyumba, nthawi zina kamwana kamalira, ndipo iye amapalasa makina mwamphamvu kuti asamve. Mayiyo sanamuchitepo choipa chilichonse. Sagogoda, salowa, salankhula. Tsiku lina Filesi atatopa anamukalipira kuti anene chimene akufuna, amutemberere ngati n'kutemberera. Anangomva munthu akusendera pang'ono, kumupatsa njira yodutsa.

Kagalimoto kali kuseri, pa njerwa, kofunda lona. Loweruka lililonse a Namakhwa amakavundukula, kuthira oilo, kuliza injini pang'ono, n'kukafunditsanso. Machubu atsopano anagula kalekale. Filesi sanawakhudze, chifukwa pa madzi kagalimoto sikayenda, ndipo onse awiri akudziwa kuti nkhondo yawo siili pa machubu.

Chilwa ndi nyanja yosazama. Inaumapo kale, idzaumanso, aliyense padoko amadziwa. Ndiye mvula ikamawononga, anthu akamadandaula za chimanga chokokoloka ndi nyumba zakugwa, Filesi amakhala chete, chifukwa mumtima mwake amathokoza, ndipo amachita nazo manyazi. Chilimwe chilichonse, akatseka makina, amatsikira kudoko ngati akukagula nsomba, n'kuima kuyang'ana pamene madzi alekezera.

Chaka chino mvula inadula msanga. Maboti ayamba kale kukocheza kutali, anthu akuyenda m'matope kuti akakwere. Dzulo madzulo Filesi akuchokera kudoko anamva pampu ikulira kuseri kwa nyumba, mosafulumira, tayala ndi tayala. Anaima pachipata, nsomba zili m'manja. Pakhonde, kumanzere kwa chitseko, wina anadzuka, anamanga bwino mwana kumbuyo, n'kusenza dengu.